Mlandu wa Mwana wa ku Chembe

Imvani, inu akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Zomba, inu amene mumasula aphunzitsi ndi inu amene mumawagawa. Pali mlandu pakati pa inu ndi mwana wa msodzi wa ku Chembe, ndipo mlanduwo sunazengedwebe. Mwanayo sangakulembereni kalata yodandaula, pakuti kulembako ndi kumene mwam'mana. Choncho lolani timulankhulire, ndipo sitipsatira mawu.

Sukulu m'dziko muno inayambira pa mchenga wa kuno. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala inakocheza pa Cape Maclear itanyamula a E.D. Young, Dr Robert Laws ndi anzawo a mishoni ya Livingstonia, ndipo sipanatenge nthawi ana anayamba kusonkhana kuti aphunzire zilembo. Chaka chotsatira kunabwera anyamata akuda ochokera ku Lovedale, ku South Africa, a William Koyi ndi anzawo. Mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, anapatsidwa ana kuti aziwaphunzitsa. Anamwalira mu 1877, ndipo manda ake ali konkuno m'tsinde mwa phiri, pamodzi ndi a azungu aja. Munthu ameneyu anasiya kwawo nadzafera ana a anthu amene sankawadziwa n'komwe. Malungo atasamutsa mishoni kupita ku Bandawe mu 1881, ntchito ya kuno inatsala m'manja mwa Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa ndi mishoniyo. Mu 1894 mishoni inakwera ku Khondowe, ndipo kumeneko Overtoun Institution inasula aphunzitsi amene anamwazikana m'dziko lonse mpaka kunja. Chakumwera kuno a Anglican nawo ankasula aphunzitsi ku St Michael's, ku Malindi, ndipo ku Domasi kunatsegulidwa Jeanes Training Centre mu 1929. Dera lino silinayambe dzulo kumva kulira kwa belu la sukulu.

Tsopano padutsa zaka 150. Lawirirani m'mawa muyende m'sukulu za kwa Nankumba, kuyambira ku Chembe, kudzera ku Msaka mpaka ku Malembo, kenaka muwoloke Shire mukafike kwa Makanjira. Mukapeza makalasi a Sitandade 1 a ana opitirira 100, atathithikana pansi, ena pansi pa mtengo, buku limodzi akulimbirana angapo, kutsogolo kuli mphunzitsi mmodzi amene mawu asasa kale dzuwa lisanakwere. Boma linadziikira lokha mlingo wakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, ndipo boma lomwelo ndi limene likuuphwanya chaka ndi chaka. Kafukufuku wa MICS amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14, ndi 19 okha amene amatha kuwerenga nkhani yosavuta n'kuimvetsa, ndipo ndi 13 okha amene amatha masamu oyambira. Chiwerengero chimenechi ndi cha dziko lonse, muli ndi ana a ku Area 47 ndi a ku Namiwawa momwemo. Mukawachotsa amenewo, ganizani nokha chimene chatsalira mwana wa m'boma la Mangochi, boma la anthu opitirira miliyoni imodzi malinga ndi kalembera wa 2018.

Ndikudziwa yankho lanu, pakuti talimva mpaka kutopa nalo. Mumati anthu a kunyanja sakonda sukulu. Mumati Ayao ndi a bizinesi ndi a ku Joni, mumati mwana wa msodzi mutu wake uli pa usipa. Mawu amenewa ndi bodza limene mumadzitonthoza nalo kuti mugone tulo. Mnyamata wa zaka 12 wa ku Chembe amasoka ukonde, amadziwa kuti mwera uwomba liti pongoyang'ana mitambo ya pamwamba pa Domwe, amawerengera chenji osaphonya, amalankhula Chichewa, Chiyao kapena Chitonga, n'kuwonjezapo Chingerezi chotola kwa alendo odzaona mbuna. Mwana wotere ndi mbuli? Amene wakhala zaka zinayi m'kalasi osamvapo mphunzitsi akum'tchula dzina lake, osaona kope lake likuchongedwa, n'kubwereza Sitandade 3 kawiri, akasiya n'kupita kukakoka chilimira ndiye kuti waweruza bwino lomwe: waona kumene akum'funa. Sukulu ndiyo inayamba kum'kana mwanayo, iye anangovomereza.

Tibwerere pamene chinalakwika, pakuti sichinagwe kumwamba. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chimenecho chinali chinthu chabwino, wina asakunamizeni. Ana analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana a amphawi amene ankangoyang'ana sukulu patali analowa. Koma aphunzitsi kunalibe, ndiye boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 osasulidwa, ambiri a JCE, linawaphunzitsa masabata awiri kapena atatu n'kuwapatsa choko. Mu 1997 kunabwera MIITEP: miyezi itatu kukoleji, nthawi yotsala ukuphunzitsa kusukulu uku ukuwerenga wekha, kudikira a PEA amene njinga yawo yamoto nthawi zambiri inalibe mafuta. Zimenezo zinali zapangozi, ndipo pangozi munthu amagwira chimene chili pafupi. Koma ngozi ya 1994 yatha zaka zoposa 30, ndipo mwana amene analowa Sitandade 1 chaka chimenecho lero ali ndi ana ake amene akukhala pansi pomwe iye ankakhala. Kuyambira 2005 tili ndi IPTE, yofuna MSCE ndi zaka ziwiri. Tili ndi makoleji ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Blantyre, St Joseph's ku Bembeke, Machinga, Chiradzulu ndi Phalombe, ena awonjezedwa posachedwapa, a DAPP ali ndi awo, ndipo ku Mangochi komwe kuno kuli Maryam yosula atsikana. Mawu akuti tilibe aphunzitsi anatha mphamvu kalekale.

Tchimo lalikulu ndi ili: timasula aphunzitsi n'kuwakhazika pakhomo. Amene anamaliza IPTE 13 ndi IPTE 14 anadikira zaka, mpaka kuyenda m'misewu ndi zikwangwani kupempha kuti aloledwe kugwira ntchito imene dziko linawaphunzitsa ndi ndalama za misonkho. Ena anayamba kabaza, ena kugulitsa kaunjika, ena anakwera basi ya ku Joni satifiketi ili m'chikwama. Ena munawatenga ngati aphunzitsi othandizira, pa kontirakiti ya miyezi yowerengeka ndi malipiro osafika kumapeto kwa mwezi, malipirowo n'kumachedwanso. Nthawi yomweyo kalasi ya ana 120 ili ndi mphunzitsi mmodzi. Mukafunsidwa mumati thumba la boma laperewera. Koma thumba lomwelo silinaperewerepo pogula magalimoto a akuluakulu, silinaperewere pa Cashgate mu 2013 pamene mabiliyoni anatuluka pa Capital Hill masana dzuwa likuswa mtengo. Limaperewera pokhapokha likafika pa mwana wa mmphawi.

Ochepa amene mwawalembawo, mumawagawa bwanji? Akatswiri a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, a Salman Asim ndi anzawo, anafufuza nkhaniyi ndipo anatulutsa lipoti mu 2017. Anapeza zimene mayi aliyense wa kumudzi akanakuuzani osalipidwa: m'boma limodzi lomwelo, sukulu ya pa boma kapena pa msika waukulu ili ndi aphunzitsi osefukira, pamene ya kutali ndi tala ili ndi ochepetsetsa. Mphunzitsi wa IPTE amalonjeza kukatumikira kumudzi zaka zisanu, koma chaka chisanathe kwabwera kalata ya kuchipatala, kwabwera setifiketi ya ukwati wotsata mwamuna kutawuni, kwabwera foni ya a phungu kapena ya bwana wa ku likulu, ndipo a DEM asayina. Alawansi ya kumudzi imene inayamba mu 2010 inali yoti ikope anthu kupita kovuta, koma inagawidwa pafupifupi kwa aliyense, wa pa msika wa magetsi ndi wa kuseri kwa phiri chimodzimodzi, mpaka inasiya kukopa munthu. Sindimuweruza msanga mtsikana wa zaka 23 amene wathawa sukulu yopanda nyumba, yopanda chitseko chotseka usiku, kumene kukatenga malipiro kubanki kumadya tsiku lathunthu ndi ndalama ya matola. Ndikuweruza inu amene munam'tumiza kumeneko osam'mangira pogona, komanso inu amene munam'chotsako chifukwa ndi mwana wa achemwali anu, osatumizako wina m'malo mwake.

Palinso kusalungama kwina kumene kumachitikira m'kati mwa mpanda wa sukulu, ndipo kumachitika ndi dzanja la ahedi. Asodzi a kuno akamapita ku usipa usiku, nyali amapatsa siginala, munthu wodziwa madzi kuposa onse, ndipo pogawana ndalama iye amalandira zoposa alovi, chifukwa akalakwitsa iyeyo chilimira chimabwera chopanda kanthu. Ife kusukulu timachita zosiyana. Aphunzitsi odziwa ntchito timawaunjika ku Sitandade 8, atatu kapena anayi pa ana 50, kuti dzina la sukulu limveke zotsatira za PSLCE zikatuluka. Ku Sitandade 1, kumene kuli khamu, kumene mwana amaphunzira kuwerenga kapena kulephereratu moyo wake wonse, timaponyako wophunzira wa kukoleji, kapena wothandizira, kapena amene tikufuna kumulanga. Akulu anati m'mera mpoyamba. Ana 50 amene afika ku Sitandade 8 aja ndi opulumuka. Anzawo amene anayamba nawo limodzi anatayika m'njira, ndipo palibe amene anawalemba pa bolodi la mu ofesi.

Tsopano nditembenukire kwa inu, madokotala ndi mapulofesa a maphunziro, inu a ku yunivesite ya ku Zomba, a ku Mzuzu, a ku Domasi, a ku Nalikule, ndi inu aphunzitsi a aphunzitsi m'ma TTC. Ndikupatsani ulemu wanu, pakuti munakhetsa thukuta. Ambiri a inu munayambira pansi pa mtengo womwewu. Munali T2 kapena T3 kumudzi, munakwera ku dipuloma ku Domasi, munapita ku Zomba kukatenga digiri, kenaka Sussex, Massachusetts kapena Pretoria, n'kubwerako ndi chipewa cha udokotala. Ulendo umenewu ndi wolemekezeka. Koma funso langa ndi lakuti, makwerero amene munakwererawo anaima pa msana wa yani? Digiri yanu yachiwiri inanena za atsikana osiya sukulu m'boma la Mangochi. Yachitatu inanena za makalasi odzaza. Munabwera ndi galimoto ndi mafomu, munafunsa ahedi, munasonkhanitsa amayi a Mother Group pansi pa mtengo, munajambula mawu a ana. Iwo anakupatsani nthawi yawo ndi misozi yawo. Inu munalemba m'Chingerezi cholimba, munasindikiza m'magazini a ku London amene ngakhale laibulale ya koleji yanu singakwanitse kugula, ndipo komiti yokweza maudindo inawerenga mapepalawo n'kukupatsani mpando. Kodi munabwererako kukawauza zimene munapeza? Mphunzitsi wa kwa Nankumba anaonapo tsamba limodzi la zimene munalemba za iye, m'chinenero chimene angawerenge madzulo atatopa?

Sindikunena kuti onse anakhala chete. Alipo amene ananena zoona nthawi ikadalipo. Ku CERT, ku Zomba, mayi Esme Kadzamira pamodzi ndi Pauline Rose analemba mu 2003 kuti kuchotsa fizi kokha sikunakwanire mwana wa mmphawi, kuti analowa inde koma ankatulukanso msanga asanaphunzire kanthu. Chaka chomwecho a Demis Kunje ndi anzawo a ku Sussex anaonetsa kuti mphunzitsi wa MIITEP ankasiyidwa yekha kusukulu popanda womulangiza. A Joseph Chimombo analemba za kuchuluka kwa ana kumene kunameza ubwino wa maphunziro. Matenda anadziwika zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo anadziwika ndi Amalawi. Ndiye kafukufuku watsopano amene mukupempherabe ndalama kwa azungu ndi wofuna kudziwanso chiyani? Chimene chasowa ndi munthu wophunzira woimirira pamaso pa nduna ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti izi n'zosalungama, osaopa kutaya ukonsotanti wa chaka chamawa.

Ndipo taonani kumene mumakambirana za ife. Misonkhano ya maphunziro abwino kwa onse imachitikira kuno kunyanja, m'mahotela a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, masiku asanu, chambo masana, alawansi madzulo. Kuseri kwa mpanda wa hotelayo kuli sukulu imene zimbudzi zake zinagwa ndi mvula. Ndalama ya mafuta a magalimoto a msonkhano umodzi ikanamanga nyumba ya mphunzitsi. Mukamaliza mumadutsa pa sukuluyo magalasi otseka, kuthamangira kukatenga ana anu ku sukulu zolipira kumene kalasi ili ndi ana 25. Ili ndilo funso limene liyenera kukulasani mtima: ngati maphunziro amene mumakonza ndi kusulira aphunzitsi ali abwino, bwanji ana anu sali mmenemo? Munthu wophika chakudya chimene iye ndi ana ake sadya tiyenera kum'kayikira.

Kukoleji nako mumaphunzitsa za kalasi imene kulibe. Mumati ana azikhala m'magulu a asanu, mphunzitsi aziyendera gulu lililonse, aliyense azikhala ndi zipangizo. Mnyamata akatuluka ndi lesoni pulani yokongola n'kukumana ndi ana 130 opanda desiki, zonse zimasungunuka sabata yoyamba, ndipo amabwerera ku zimene anaona kwa aphunzitsi ake akale: kukuwa, ana n'kumabwereza. Ndi angati mwa inu anaimapo teremu yathunthu kutsogolo kwa Sitandade 2 m'zaka khumi zapitazi? Za chinenero ndiye musanene. Mu 1996 Unduna unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo, koma mabuku a Chiyao sanafike m'manja mwa ana ambiri ndipo makoleji sanasule munthu wophunzitsa mmenemo. Lamulo la maphunziro la 2013 linabwera n'kukweza Chingerezi. Mwana wa ku Namwera kapena kwa Katuli amene mayi ake amam'lera m'Chiyao amafika kusukulu n'kukumana ndi zinenero ziwiri zachilendo tsiku limodzi, ndipo akangoti kukamwa yasa timamulemba kuti ndi wosachedwa kuiwala. Mwana wosaona, wosamva, kapena wachialubino amene saona bwino pa bolodi, chiyembekezo chake ndi aphunzitsi ochepa otuluka ku Montfort, ku Nguludi, ndi malo owerengeka ngati a ku Nkope. Ena ambiri amangokhala pakhomo, ndipo palibe owafunsa.

Wapulumuka mpaka Sitandade 8, wakhoza, nanga kenaka? Mwa okhoza PSLCE, amene amapeza malo ku sekondale za boma safika ngakhale theka. Ochepa amapita ku Dedza, Blantyre Secondary, Lilongwe Girls kapena St Michael's. Enanso ku Lisumbwi. Khamu limapita ku CDSS, sukulu zoyendera zimene zinabadwa mu 1998 kuchokera ku ma MCDE, zambiri zopanda labotale ndi laibulale, kumene kwa zaka zambiri ophunzitsa anali a satifiketi ya pulayimale. Mwana amene sanagwirepo botolo la mu labotale amalemba MSCE yomweyo ndi wa ku Marist, ndipo timati mpikisano wachilungamo. Dziko lino linakangana zaka zambiri za quota ya ku yunivesite, imene inayamba cha m'ma 1987, inabwereranso mu 2009, n'kuthetsedwa mu 2020. Tinatukwanizana mitundu ndi zigawo chifukwa cha malo ochepa a pamwamba. Koma kusankhana kwenikweni kumachitika mwana ali ndi zaka 6, tsiku limene ofesi yasankha kuti kwawo kupite aphunzitsi angati, ndipo pa chimenechi palibe anachitapo zionetsero.

Inu aphunzitsi, ndakulankhulirani, tsopano ndikulankhuleni. Ndikudziwa za katapila, za giredi imodzi imene munthu amakhalapo zaka 15 osakwezedwa, za ndalama za tchuthi zimene mpaka TUM iyitanitse sitiraka. Ndikudziwa kuti alipo pakati panu oyera mtima amene amagula choko ndi ndalama zawo, amene amatsatira mwana kudoko kukam'bweza. Mulungu awadalitse amenewo. Koma alipo ena amene amafika Lolemba akununkha kachasu, amene amabisa phunziro m'mawa kuti akaligulitse madzulo pa part time, kotero kuti mwana wopanda K500 amatsala. Ndipo alipo amene amagona ndi ana a sukulu. Mwana wa Sitandade 7 amene makolo anam'pereka m'manja mwanu ngati kwa bambo wake, inu n'kum'patsa mimba! Chilango chake n'kukusamutsirani kusukulu ina, ya kutali kwambiri, kumene makolo sadziwa kodandaula. Potero ofesi imatenga fisi n'kukam'tsekera kwa ana osauka koposa. Umenewu ndi mlandu wa kupolisi, ndipo ahedi kapena a PEA amene amaubisa ndi mnzake wa wolakwayo.

Makolo anzanga a ku Chembe, a ku Msaka, a ku Malembo, a mfumu ndi nduna zanu, musaganize kuti chala chikuloza kutali kokha. Usipa ukagwa, ndani amadzutsa mwana usiku kuti akathandize kuyanika pa thandala, mawa lake n'kumasinza m'kalasi? Mnyamata akabwera kuchokera ku Joni ndi foni ndi njinga yamoto, ndani amalandira ndalama n'kupereka mtsikana wa zaka 15? Malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017, ukwati ndi zaka 18, ndipo kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Mfumu yaikulu Kachindamoto ya kwa anansi athu ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera m'kalasi; inali ndi mphamvu zomwe a mfumu athu ali nazo. Zinamwali zathu ndi chuma chathu, koma zisadye teremu ya mwana. Mphunzitsi wachilendo akabwera, mulandireni, mum'patse malo, musamuopseze ndi zamatsenga mpaka athawe. Komiti ya sukulu si ya kudya ndalama za SIG. Ndi yoti ikagogode ku ofesi ya maphunziro ku Mangochi n'kufunsa kuti aphunzitsi athu ali kuti. A sheikh ndi abusa, mumadzaza mizikiti Lachisanu ndi matchalitchi Lamulungu. Munatha kukangana za hijabu mpaka sukulu zina kutsekedwa, kenaka munagwirizana mu 2021. Mphamvu imeneyo bwanji osaigwiritsa ntchito limodzi pofunsa za mwana wa Sitandade 4 amene satha kulemba dzina lake?

Nanunso eni malo ogona alendo ndi mabungwe, zikomo pa midadada imene mwamanga ndi phala limene mwaphika. Koma kutenga mlendo wa zaka 19 amene sanasulidwepo, wosadziwa Chichewa, n'kum'patsa kalasi masabata atatu kuti ajambule zithunzi za pa Facebook, kwawo ku Ulaya sangalole. Ana athu si malo ophunzirirapo chifundo. Ngati mtima ulipo, lipirani mphunzitsi wosulidwa amene ali pakhomo, mum'mangire nyumba.

Mverani chimene chikubwera ngati simutembenuka. Nyanja imene inkameza onse osiya sukulu yatopa. Chambo chinachepa kale, zilimira zachuluka kuposa nsomba, ndipo National Park ya kuno imene inakhazikitsidwa mu 1980 singatambasuke kuti aliyense apeze nkhuni ndi munda. Ku Joni nako tinaona mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019, abale athu akuthamangitsidwa, mabasi akuwatula opanda kanthu m'manja, ambiri a iwo a boma lomwe lino. Mnyamata wosadziwa kuwerenga, wopanda nsomba, wopanda kothawira, adzakhala wa aliyense wom'patsa K2,000 ndi chikwanje nthawi ya kampeni. Mtsikana wosadziwa kuwerenga adzapereka thupi lake padoko kuti agule ndowa ya usipa, ndipo matenda adzam'tsata. Kolera ya 2022 ndi 2023 inakantha Mangochi koopsa, ndipo uthenga wa zaumoyo wolembedwa pa chikwangwani sum'thandiza amene sangauwerenge. Mipanda yanu ya njerwa ku Area 10 ndi ku Nyambadwe siidzatalika mokwanira. Ana amene mukuwamana mphunzitsi lero ndi amene adzakhale ochuluka m'dziko muno inu mutakalamba, ndipo adzakufunsani.

Njira yobwerera ilipo, ndipo si yodula kuposa zimene mukuwononga kale. Alawansi ya kumudzi ipite kwa amene alidi kutali, ndipo ikhale ndalama yoti munthu aimve m'thumba. Mndandanda wa aphunzitsi a sukulu iliyonse ndi chiwerengero cha ana ake zimatidwe pa khoma la TDC ndi la khonsolo, kuti kalata ya a phungu ichite manyazi. Ndalama za CDF ziyambire pa nyumba ya mphunzitsi. Makoleji atenge ana a konkuno, olankhula Chiyao ndi odziwa moyo wa padoko, amene sadzathawa kwawo, ndipo mphunzitsi waluso kuposa onse apatsidwe Sitandade 1 ndi ulemu wake. Inu mapulofesa, yunivesite isam'kweze munthu wa maphunziro amene sanabwerere kumene anachita kafukufuku kukanena zimene anapeza m'chinenero cha anthuwo. Bwerani mudzakhale teremu imodzi kwa Nankumba, mutenge kalasi, ophunzira anu akuoneni mukuchita zimene mumawauza. Mukabwerera ku Zomba mudzaphunzitsa mosiyana, ndipo mukadzalankhula pamaso pa nduna mawu anu adzalemera.

Inu a Unduna wa Maphunziro ndi a Unduna wa Zachuma, teremu ikubwerayi isatsegulidwe mwana wa kuno ali pakati pa anzake 120 kudikira mphunzitsi mmodzi. Aphunzitsi alipo, munawasula kale, ndipo mayina awo ali m'mafayilo mwanu. Alembeni ntchito, muwatumize kunyanja kuno.